Ndinagwada, Koma Pampando wa Kutsogolo Anatsika

Abale ndi alongo anga mwa Ambuye, mtendere ukupezeni kulikonse kumene mukuwerengera uthengawu. Dzina langa ndine Felesiya, koma kuno kwathu chakumtunda kwa Chitakale amandidziwa kuti amake Tiya. Ndine mayi wamasiye, ndimathyola tiyi pa esiteti, ndipo ntchitoyi ndinaiyamba ndili ndi mwana kumsana. Umboni wangawu ena a inu muuseka, chifukwa si wa khansa, si wa ngozi ya pamsewu, si wa ndende. Vuto langa linali kusanza m'galimoto. Sekani ndithu, ine ndasekedwa kuyambira ndili mtsikana, koma muwerenge mpaka kumapeto, chifukwa kavuto kameneka kanatsala pang'ono kundilanda mwana wanga mmodzi yekhayo.

Ndikati kusanza, musaganize za kamseru kongodutsa. Ine ndinkangoti ndamva fungo la dizilo pa siteji, malovu adzadza kale m'kamwa. Minibasi ikanyamuka, thukuta lozizira linkayamba, mutu kulemera, m'maso mdima, ndipo tisanapite patali ndinkakhala nditabweza za dzulo ndi za dzana zomwe. Ndikatsika ndinkagona masiku awiri ngati wodwala malungo. Ndiye ndinangosiyiratu. Ku Muloza kukagula zitenje ndinkapita pa njinga ya kabaza, ku maliro a ku Phalombe pa kabaza, kwina konse wapansi. Anzanga a kumunda wa tiyi anandipatsa dzina lakuti Ayendapansi, ndipo ndinkavomera akandiitana, ndikuseka nawo, ngakhale mumtima zinkandiwawa.

Mwana wanga Tiyanjane ndinamuphunzitsa ndi dengu la tiyi kumsana mpaka anakhala mphunzitsi. Ntchito inamutengera ku Nathenje, kufupi ndi Lilongwe, ndipo anakwatiwa komweko. Chinkhoswe chinachitikira kuno, koma ukwati unali kumeneko. Ine mayi wake womubala sindinapite. Chitenje cha ukwatiwo ndinasoketsa, tsiku lake ndinavala bwinobwino, n'kukhala pakhonde ndekha kuonera zithunzi zimene ankanditumizira pa foni. Atabereka mwana woyamba, Mphatso, amene anakamusamala m'chikuta ndi kumusambitsira khanda anali apongozi ake, ntchito imene kwathu kuno ndi ya mayi wa mkazi. Achibale a mwamuna wake anayamba kunong'onezana kuti ine sindikuufuna ukwatiwo chifukwa mkamwini si Mlomwe. Ndani mwa iwo akanakhulupirira atauzidwa kuti mzimayi wamkulu ngati ine, wonyamula dengu lodzadza kukwera nalo chitunda, akuopa minibasi?

Tiya ndiye ankabwera, chaka ndi chaka pa Khirisimasi, nthawi zina ndi mwana, nthawi zina yekha. Mphatso ankandiona masiku atatu n'kundiiwala. Pamene anayamba kulankhula, ankasiyanitsa agogo ake awiri motere: kunali agogo, ndiye kunali agogo a mufoni. Agogo a mufoniwo ndinali ine. Tsiku limene ndinamva mawu amenewo ndinaseka pa foni kuti Tiya asadziwe, koma nditadula ndinalephera kudya.

Chaka chino mvula itangotha, Tiya anandiimbira ali ndi pakati pena, patatsala miyezi itatu. Sanayambe ndi moni wautali ngati masiku onse. Anati, “Mayi, ine ndakhala ndikukwera mabasi kubwera kwa inu, ngakhale ndili ndi khanda pamiyendo. Kuno anthu amandifunsa ngati mayi anga ali moyo. Mwana uyu akabadwa inu osabwera, musadzandifunsenso kuti ndibwera liti.” Ndisanayankhe anali atadula.

Ndinakwiya, ndisanamize. Ndinalankhula ndekha m'nyumba ngati wamisala, kuti mwana ameneyu sukulu yamupengetsa, waiwala amene anamugulira nsapato zoyamba. Koma mkwiyo utazizira ndinaona kuti sananame ngakhale mawu amodzi. Tiya ndimamudziwa, mtima wake ndi wangawu, akanena wanena. Ndinatenga kalendala ya pakhoma, n'kuzunguliza ndi cholembera masabata awiri a Julayi, nthawi ya tchuthi changa, pamene tiyi amachepa chifukwa cha kuzizira. Anzanga tchuthi chimenechi amakonzera madenga kapena kukolola nandolo. Ine ndinalemba pansi pake ndi zilembo zikuluzikulu kuti NATHENJE, ndipo m'mawa mwake ndinauza aliyense kuntchito, kuti manyazi andiletse kubwerera m'mbuyo.

Mutu ukamveka kuti uli ndi vuto, aliyense amasanduka dokotala. Wina anati ndikhalire nyuzipepala. Wina anati ndiike kamwala pansi pa lilime. Wina anati ndilume mtengo wa machesi ulendo wonse, wina ndimate pulasitala pamchombo. Koma amene ndinawamvera kwambiri anali bambo Makwinja, mkulu wa mpingo wathu, munthu wa jekete ngakhale kutatentha, amene akatsokomola tchalitchi chonse chimakhala chete. Iwo anati langali si thupi ayi, ndamangidwa. Anati makolo anga anabwera wapansi kuchokera ku Mozambiki, ndiye pali mizimu imene sifuna kuti ndikwere chinthu cha matayala anayi. Anandilamula kuti ndisale kudya masiku atatu, ndikakwera ndikhale kumbuyo kwenikweni kopanda zondisokoneza, nditseke maso, ndiweramitse mutu, ndizipemphera, ndipo mseru ukayamba nditsegule buku la nyimbo ndiziwerenga.

Mundimvetse bwino, ine kusala kudya sindinyoza, ndimasala mpaka lero. Ndikungonena zimene zinachitika. Ndinaganiza zoyeserera kaye ndi ulendo wa ku Limbe, kupita ndi kubwerera. Loweruka m'mawa, m'mimba mulibe kanthu kuyambira Lachitatu, ndinakwera minibasi pa Chitakale, n'kudutsa mipando yonse kukakhala pakona ya kumbuyo, pamene zenera lake silinkatseguka. Pansi panga nyuzipepala, pansi pa lilime kamwala, pamiyendo buku la nyimbo. Ndinatseka maso, mutu pansi, kupemphera ndi mtima wonse. Titangodutsa Nkando zinandipeza. Popeza m'mimba munalibe chakudya, chimene chinatuluka ndi ndulu yokhayokha, yachikasu, yowawa, ndipo inathera pa siketi ya mtsikana wina amene anali pambali panga, wovala bwino, akupita kukayesedwa ntchito. Mtsikanayo sanatukwane, anangoyamba kulira, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kutukwana. Anthu anayamba kukalipa, kondakitala anamenya chitseko, minibasi inaima, n'kunditsitsa pakati pa msewu.

Ndinakhala pansi m'mbali mwa msewu wa Midima, duku litagwa, dzuwa lili pamutu. Kamwala kaja sindikudziwa kuti ndinameza kapena ndinalavula. Pamenepo ndinataya mtima. Ndinawerengera kuti ngati Nkando wandigwetsa chonchi, nanga Zalewa, nanga Ntcheu, nanga Dedza? Ndinaona kuti Tiya ndamutaya. Pemphero limene ndinapemphera pamenepo silinali laulemu. Ndinati, Ambuye, ndasala, ndatseka maso, ndaweramitsa mutu, ndachita zonse zimene anandiuza. Munandipatsiranji mwana mmodzi n'kukamuika kutali chonchi, mukudziwa mimba imene munandipatsa? Ngati ndamangidwa ndimasuleni, ngati sindinamangidwe ndiuzeni chimene ndikulakwitsa, chifukwa ine ndatopa kusekedwa.

Sipanapite nthawi yaitali, lole yaing'ono yochokera ku Limbe inandidutsa, n'kuima patsogolo pang'ono, n'kubwerera cham'mbuyo. Amene anatsika ndi munthu womaliza amene ndikanafuna kuti andione ndili choncho. Anali Abiti Saidi, mayi wachisilamu wa m'mudzi woyandikana ndi wathu, amene amapikula nthochi ndi zinanazi kukagulitsa ku Limbe ndi ku Lilongwe pa lole ya mlongo wake, Che Juma. Ine ndi Abiti Saidi tinali tisakulankhulana zaka ziwiri. Mbuzi zake zinadya nandolo wanga, ine ndinagenda imodzi n'kuithyola mwendo, ndipo mawu amene tinauzana tsiku limenelo sindingawalembe pano.

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana buku la nyimbo ndi nyuzipepala imene inali itamatirirabe pachitenje changa. Sanaseke. Anandipatsa botolo la madzi kuti nditsuke m'kamwa, kenako anati ndikwere anditule kunyumba. Ine ndinakana, ndinati ndidikira kabaza, galimoto ndi ine tasiyana mpaka kumanda.

“Pa kabaza mumasanza?” anafunsa.

Ndinati ayi, sindinasanzepo.

“Ndiye mizimu yanuyo njinga imaiopa? Pa kabaza maso anu amaona kumene mukupita, mphepo ikukuombani kunkhope. Mwadya liti?”

Nditamuuza kuti Lachitatu, anapukusa mutu, n'kutulutsa mbatata yowotcha m'kachikwama kake. Anandidyetsa theka, pang'onopang'ono, ndikukana ngati mwana. Anandiuza kuti iyenso atangoyamba bizinesi ankasanza mpaka magazi a pakhosi, koma ana anafunika kudya, ndiye anaphunzira. Kenako anatsegula chitseko cha kutsogolo, iye n'kukhala pakati, ine n'kundiika pa zenera. Moyo wanga wonse ndinali ndisanakhalepo kutsogolo kwa galimoto. Kwathu kuno mzimayi wolemekezeka amadziwa malo ake, kutsogolo ndi kwa abambo ndi mabwana, ndipo ine ndinkadzitama kuti ndinaleredwa bwino. Anatsitsa galasi, analanda buku la nyimbo n'kuliika m'chikwama changa, n'kuloza kutsogolo kumene phiri linali litaima, mwala waukulu wa Chambe ukuoneka bwinobwino. Anati, “Yang'anani phiri lija, musalisiye. Pemphero pempherani maso ali otsegula, Mulungu samva ndi zikope zanu.”

Abale anga, kuchokera pamenepo mpaka pa Chitakale ndinafika osasanza. Mseru unabwera, unakwera mpaka pakhosi, koma ndinagwira phiri ndi maso, mphepo ikundimenya, ndipo unabwerera. Nditatsika ndinaima pa siteji ndi miyendo yanga, ndikudziwa dzina langa. Pamenepo ndinazindikira kuti pemphero langa lamwano lija layankhidwa, ndipo yankho lake labwera pa lole ya nthochi, m'manja mwa mzimayi amene ndinamuthyolera mbuzi. Ndinamupepesa pomwepo. Iye anangoti mbuziyo anadya kale pa Idi, inali yonona.

Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kukonzekera ngati mwana wa mayeso. Lole ikamapita ku Muloza kukatenga katundu, Abiti Saidi ankanditumizira uthenga, ine ndikaweruka n'kukwera nawo, kupita ndi kubwerera, pa zenera pomwe paja. Ulendo woyamba ndinasanza pobwerera, wachiwiri ayi, wachitatu ndinafika mpaka pocheza ndi Che Juma za mitengo ya feteleza. Ndinaphunzira kuti ndidye pang'ono ndisananyamuke, zopanda mafuta, osati kukhuta, osatinso njala. Ndinaphunzira kutafuna kachidutswa ka jinja mseru ukamayamba, kusayang'ana foni, kusatembenuka wina akandiitana kumbuyo. Ndinapitanso ku chipatala chathu chaching'ono, kumene ndinali ndisanapiteko ndi nkhani imeneyi chifukwa ndinkaona ngati si matenda. Anamwino sanandiseke, anandipatsa timapiritsi toti ndimwe ulendo usanayambe, n'kundichenjeza kuti timabweretsa tulo. Zaka zonsezi thandizo linali pafupi chonchi, ine ndili kalikiliki ndi timiyala.

Nkhani inafika kutchalitchi kuti amake Tiya asiya pemphero, akuthandizidwa ndi Asilamu ndi mapiritsi. Mayi wina anandiimitsa pakhomo la tchalitchi kundifunsa ngati chikhulupiriro changa chidakalipo. Ndinamuyankha kuti chilipo, ndipo tsopano chili ndi maso. Ndinamufunsanso kuti tsiku lija ndili gone pa msewu wa Midima, iyeyo ndi chikhulupiriro chakecho anali kuti. Mwina ndinalankhula mopyola, pakamwa panga ndimapadziwa, koma sindinabweze.

Tchuthi changa chinayamba Lolemba. Lachiwiri m'mawa mkamwini wanga anaimba kuti Tiya wachira, mwana wamwamuna, onse ali bwino. Tiya yekha sanalankhule nane. Ndinamva mawu ake chapatali akufunsa mwamuna wake kuti, “Akuti chiyani?” Ndinati amuuze kuti Lachinayi ndifika. Mkamwiniyo anati chabwino amayi, ndi mawu a munthu amene sakufuna kukutsutsa. Lole ya Che Juma inali yoti inyamuka Lachinayi m'mamawa kupita ku Lilongwe, ndipo Nathenje ali panjira pomwepo. Ndinalongedza ufa wa makaka, chinangwa chouma chija, nyemba za kalongonda zimene Tiya amakonda, zinanazi zinayi, zitenje ziwiri zatsopano za mwana. M'kachikwama ka m'manja munali jinja, mandimu awiri, mbatata, madzi, ndi majumbo asanu, chifukwa chikhulupiriro ndili nacho koma mimba yanga ndimaidziwa.

Lachinayi kutangocha ndinafika pa Chitakale, piritsi nditamwa kale. Lole inali itadzaza, tenti atamanga. Anthu a pamsika anali atayamba kuyala malonda, ndipo anzanga atatu a kuntchito anabwera dala kudzaona ngati Ayendapansi akweredi. Nditazungulira ku chitseko cha kutsogolo, mtima unangoti phwii. Pa zenera panga panali patakhala bambo Makwinja, jekete lawo lomwe lija, chikwama pamiyendo. Anali ndi msonkhano ku Lilongwe, anamva kuti pali lole, ndipo dzulo lake anapempha Che Juma kuti akwere nawo. Che Juma, munthu waulemu, analephera kuwakaniza munthu wamkulu. Kutsogoloko malo ndi a anthu atatu basi, woyendetsa, Abiti Saidi ndi mmodzi.

Bambo Makwinja anandiyang'ana ali pamwamba pomwepo, n'kunena mokoma ndithu kuti, “Amake Tiya, kwerani kumbuyo uko, akuyalirani matumba pakati pa nthochi. Mukagone pansi pa tenti n'kumapemphera, muona tifika.”

Ndikuuzani zoona, miyendo yanga inayamba yokha kulowera kumbuyo. Zaka zonse za moyo wanga ndakhala ndikupatukira abambo panjira, kukhala pamphasa iwo ali pampando, kudya iwo atamaliza. Abiti Saidi anatsegula pakamwa kuti apereke malo ake, koma malo ake anali a pakati, opanda zenera, ndiponso lole ndi ya kwawo, katundu ndi wake. Ndinaona tenti ija, mdima wa pansi pake, fungo la nthochi zakupsa ndi utsi wa dizilo. Ndinadziwa kuti ndikalowa mmenemo anditsitsa pa Nkando kachiwiri, ndipo Tiya adzauza ana ake kuti agogo anu analonjeza Lachinayi.

Ndinaika katundu pansi. Ndinagwada pafumbi pomwepo, pafupi ndi tayala, mawondo onse awiri, manja pamodzi, monga anandiphunzitsira mayi anga polankhula ndi akuluakulu. Ndinati, “Bambo, pepani kwambiri. Tsikani. Mpando umenewo ndi wanga.”

Iwo anafunsa ngati ndikudziwa amene ndikulankhula naye.

“Ndikudziwa, bambo, n'chifukwa chake ndagwada. Za kumbuyo ndinakumverani kamodzi, zinathera pa siketi ya mwana wa eni. Inu minibasi mumakwera bwinobwino, ili apo ikudzaza. Ine njira yanga yokaonera mwana wanga ndi zenera limeneli basi. Ndikhala chogwada mpaka mutsike, koma kumbuyo sindikwera.”

Anayang'ana Che Juma, Che Juma anayang'ana chiwongolero. Anayang'ana anthu, anthu anayang'ana tomato wawo. Ine ndili pansi, mawondo akuwawa ndi timiyala, koma maso sindinagwetse. Patapita kanthawi chitseko chinatseguka. Anatsika, anakonza jekete, n'kudutsa pambali panga kulowera ku minibasi. Ndinadzuka, ndinasasa fumbi, n'kukwera. Mnzanga wina wa kuntchito anayamba kululutira, ndinamuyang'ana ndi diso loti asiye, chifukwa sindinachite zimenezo kuti ndichititse munthu manyazi.

Ulendowo unali wautali, lole yodzaza siithamanga. Phiri lathu linatsalira kumbuyo, ndiye ndinkasankha china chakutali, mtengo, chulu, phiri lachilendo, n'kuchigwira ndi maso mpaka tichidutse. Nkando ndinamudutsa ndikutafuna jinja, ndipo malo aja ndinagwera ndinawaloza ndi chala. Limbe ndi Blantyre zinandivuta chifukwa cha imaima ndi utsi, koma ndinapirira. Pa Zalewa ndinaona mtsinje wa Shire koyamba m'moyo wanga, ine mzimayi wa imvi, ndipo ndinalira pang'ono. Dzuwa litafika pamutu Che Juma anaimitsa lole pafupi ndi kamzikiti kena ka m'mbali mwa msewu kuti iye ndi mlongo wake akaswali. Ine ndinakhala pansi pa mtengo, mapazi pa nthaka yosagwedezeka, kudya mbatata yanga ndi kupemphera pemphero langa. Kupuma kumene thupi langa linkafuna ndinakupeza chifukwa cha swala ya anzanga.

Musaganize kuti ndikuuzani kuti ndinachiriratu. Titadutsa Ntcheu, pa zitunda ndi makona a chaku Lizulu, piritsi lija linayamba kundigonetsa, mutu unagwa, maso anatsekeka, ndipo podzidzimuka zinali zitafika kale. Che Juma anaima msanga. Ndinatsika, ndinasanza m'mbali mwa msewu, Abiti Saidi atandigwirira duku ndi kundisisita pamsana. Amayi ogulitsa kabichi ndi mbatatesi anali kundiyang'ana. Kale pamenepo ndiye pakanathera ulendo. Che Juma anandifunsa mwanthabwala ngati atembenuze lole tibwerere ku Mulanje. Ndinatsuka m'kamwa, ndinanunkhiza ndimu, n'kumuuza kuti ayendetse galimoto asiye zocheza, ine ndili ndi mwana woti ndikamusambitse.

Tinafika pa Nathenje dzuwa litapendeka. Mkamwini wanga anali ataima m'mbali mwa msewu ndi Mphatso, ndipo nkhope yake inaonetsa kuti anabwera kudzalandira katundu, osati munthu. Nditatsika, Mphatso anabisala kumbuyo kwa miyendo ya bambo ake. Anayang'ana ine, n'kuyang'ana foni imene inali m'manja mwa bambo akewo, n'kuyang'ananso ine. Kenako anabwera pang'onopang'ono n'kunditsina pamkono kuti aone ngati ndine munthu.

Kunyumba ndinapeza asewere anga, mayi ake a mkamwini, atafunditsa kale madzi, beseni lili pansi, khanda lili m'manja mwawo. Awa ndi amene anagwira ntchito yanga ulendo woyamba uja, ndipo ndinkayembekezera mawu obaya. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, fumbi la pa Chitakale lidakali m'mawondo a chitenje changa. Anaimirira n'kundipatsira mwana, n'kunena kuti, “Madzi ndafunditsa. Sambitsani ndinu.”

Tiya anali atakhala pamatiresi pakona, atatsamira khoma. Sanandipatse moni. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa kuti, “Mwasanza kangati?”

Ndinati kamodzi, pa Lizulu.

Anayamba kuseka, kusekako n'kusanduka kulira, ndipo anati, “Mayi, mwabweradi.” Ndinagwada pa beseni paja, kachiwiri tsiku limenelo, n'kuyamba kusambitsa mdzukulu wanga, manja akununkha jinja. Ndinakhala masiku khumi, mchombo unagwa ndilipo, ndipo amene anatulutsa mwanayo m'chikuta ndine.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la mzimayi wokwiya atakhala m'fumbi. Ndikuthokoza Abiti Saidi ndi Che Juma, amene sanandifunse za mpingo wanga asanandipatse madzi. Bambo Makwinja mpaka lero moni wawo ndi wa pakamwa pokha, ndipo nditabwerako anandiitanitsa kuti ndikafotokoze khalidwe langa pamaso pa akuluakulu. Ndinapita, ndinafotokoza monga ndafotokozera pano, ndinapepesa chifukwa cha manyazi amene anawaona, koma za mpandowo sindinapepese. Ndimawapempherera, ndipo ndikudziwa kuti anandilangiza zimene iwo ankaziona ngati zabwino.

Inu amene muli ndi kavuto kamene anthu amakaseka, kamene mumachita nako manyazi kukatchula popempherera odwala, musakachepetse, chifukwa kangathe kukudyerani zaka ngati mmene kanandidyera ine ukwati wa mwana wanga. Pempherani, ndipo mukapemphera tsegulani maso muone amene waima patsogolo panu, ngakhale akhale munthu amene simumulankhula. Mukagwa pa Nkando panu, tsukani m'kamwa mukwerenso. Ine Disembala ndikupitanso ku Nathenje, Mphatso wandiitanitsa zinanazi. Jinja ndinyamula, majumbo ndinyamula, ndipo amene adzakhale pa zenera la kutsogolo adziwiretu kuti ndidzamugwadira mwaulemu wonse, koma adzatsika.